Zenera la ku Hsinchu

Kufakitale kwathu kulibe zenera.
Kuwala n'kwachikasu, usana ndi usiku chimodzimodzi.
Timalowa titadzikuta zoyera, maso okha pamtunda,
poti kafumbi kamodzi
kakhoza kupha ntchito ya miyezi itatu.
Zaka khumi ndi zinayi ndanyamula mbale za silikoni
ngati mazira a eni,
koma kumene zimakathera sindinakuonepo.

Bonasi itagwa, chaka chatsopano chili pakhomo,
mlamu wanga Kun-shan anabwera foni ili m'manja.
"Pei-chun, gula masheya.
Dziko lonse likulira tchipu, ndipo tchipu sizitchipa.
Iwe umaziphika, ena n'kumadya.
Ona kufiiraku!"
Kuno manambala akafiira ndiye kuti akwera.
Nkhope yake inafiira nawo.

Mwana wanga Chih-yuan sapempha.
Ndimangomva kompyuta yake ikuchita chibwibwi,
munthu wa mugemu atauma mwendo uli m'malere,
anzake akuseka m'mahedifoni,
iye n'kumati, "Ndi netiweki," chonsecho akudziwa.

Loweruka tinakwera sitima ya ku Taipei.
Ku Guanghua, pansanjika yachitatu,
bambo Liao anatiyalira makhadi a zithunzi awiri pagalasi.
Lina la mafani atatu, lalitali ngati mkono wanga,
mtengo wake malipiro a mwezi ndi theka.
"Ili limamwa magetsi ngati ng'ombe yaludzu," anatero.
"Mudzasinthanso pawa."
Linalo la mafani awiri, logwirapo kale ntchito,
pakona litakalika pang'ono.

Ine ndinaloza lalikululo.
Ndinkafuna, kamodzi kokha, kugula chinthu osawerenga zala.
Mwana anapisa m'thumba
natulutsa kachingwe ka nsapato
kamene anadula molingana ndi mimba ya kompyuta yake.
Anayeza. Lalikululo linapitirira ndi zala zitatu.
"Silikwana, amayi."
Anayankhula msanga kwambiri,
ndipo ndinaona kuti kachingweko n'kodulidwa kawiri.
Ndinangoti chete.

Bambo Liao anamasula tizitsulo kuti aone ngati silinapse.
Pansi pa phala lotuwa panali kagalasi kakuda
kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu.
Ndinawerama mpaka mpweya wanga unakachita nthunzi.
Kaya kanadutsa m'manja mwanga usiku wina, kaya ayi,
sikanandizindikire.
Koma kanali koyamba kukapumira popanda chophimba pakamwa.

Ndalama zotsala ndinagula masheya, kuti mlamu agone tulo.
Anafiira masabata awiri.
Kenako kutsidya kwa nyanja wina wake anakhosomola pa wailesi,
m'mawa mwake zonse zinali zobiriwira ngati munda wa tiyi.
Kun-shan sayankhanso foni nthawi ya chakudya.
Ine ndimangoyang'ana kamodzi pa sabata, m'basi,
monga poyang'ana bala ngati likupola.

Dzulo ndaweruka mbandakucha.
Ndapeza mafani awiri aja akung'ung'udza,
mwana atagona patebulo, tsaya pa buku la masamu.
Ndimati ndizimitse.
Pa sikirini panali nyumba imene wakhala akumanga:
yopendekeka, denga losatha,
koma khoma lonse la kum'mawa ndi zenera.
Kunja kwake mvula ikugwa pa udzu,
dontho lililonse ndi mthunzi wake,
fumbi likuvina m'kuwala popanda wolithamangitsa.
Pachitseko analemba dzina langa,
chilembo chimodzi ataphonya.

Ndinakhala pampando wake, nsapato zili kuphazi.
Sindidziwa batani loyendera,
choncho ndinangoima pamene anandisiya, pazenerapo,
mpaka njinga zamoto zinayamba kulira mumsewu
ndipo ketulo ya oyandikana nawo inaimba mluzu.